Kanipo ka girisi kamene kanatsala pang'ono kutiwonongera ekiselo ya ngolo ya boti

Ndimakhala pa boma la Dedza, ndipo alendo ambiri akaona boti litakhala pa ngolo kuseri kwa nyumba yanga amadabwa, popeza kumapiri kuno si kwa maboti. Botilo ndi la anthu awiri, ine ndi alamu anga amene amakhala kumunsi, m'dera la Mtakataka, kumene boma lathu limakakhudza nyanja ya Malawi. Iwo ndi amene amalidziwa pamadzi, pamene ine udindo wanga ndi kulikoka ndi galimoto, kulisunga pa nyengo imene silikugwira ntchito, ndiponso kusamalira ngolo yake. Tinaligula kwa munthu amene anali ataligwiritsa ntchito zaka zambiri, ndipo ngoloyo inabwera yopanda buku kapena pepala lililonse lofotokoza za zitsulo zake. Kusowa kwa pepala kumeneku sindinakuone ngati vuto mpaka tsiku limene ndinafuna kusintha kachitsulo kakang'ono kwambiri pa ngolo yonse, kamene amakaniko amakatcha nipo ya girisi.

Kwa amene sanakaonepo, nipo ndi kachitsulo kosaposa nsonga ya chala chaching'ono, kokhala ndi mutu wozungulira pamene pamagwira kukamwa kwa pampu ya girisi. Pakati pa mutuwo pali kabowo kotsekedwa ndi kampira ka chitsulo, ndipo kumbuyo kwa kampirako kuli kasipuling'i. Mukapopa, girisi amakankhira kampirako m'kati n'kudutsa, ndipo mukaleka, kasipuling'i kamabweza kampirako kuti fumbi ndi madzi zisalowe. Pa ngolo yathu nipo ili kumapeto kwenikweni kwa ekiselo, pakati penipeni, ndipo imabisika kuseri kwa kachitsekerero ka labala kamene kali pa chivundikiro cha habu, chitsulo chozungulira chimene tayala limamangidwapo. M'kati mwa ekiselomo munabooledwa kanjira kamene kamakatulukira kumbuyo, pakati pa bering'i ya m'kati (habu imazungulira pa mabering'i awiri, ya m'kati ndi ya kunja) ndi silu, mphete ya labala yotchinga girisi kuti asatayike. Motero girisi watsopano amayamba wafika kumbuyo, kenaka n'kubwerera kutsogolo kudzera m'mabering'i onse awiri, akukankha girisi wakale kuti atulukire kunja. Kampani ya ku America ya Dexter imatcha kapangidwe kotere E-Z Lube. Ndafotokoza izi pachiyambi chifukwa munthu amene sakudziwa kumene girisi akupita sangathe kuzindikira ngati wafika kapena ayi, ndipo kumeneko ndi kumene kulakwitsa kwanga kunayambira.

Boti linakhala kuno miyezi yozizira, nthawi imene mphepo ya mwera imavuta panyanja, ndipo injini yake inali kukonzedwa. Mu Seputembala alamu anandiuza kuti ndilitsitse. Madzulo a tsiku lakuti mawa ulendo, ndinatenga pampu ya girisi n'kuyamba ndi tayala la kumanja, limene linalandira girisi bwinobwino. Nditafika ku tayala la kumanzere, chogwirira cha pampu chinalimba kuyambira pa kupopa koyamba, ndipo girisi anayamba kutulukira m'mbali mwa kukamwa kwa pampuyo. Ndinayesa kawiri, kenaka ndinaganiza kuti habuyo yadzaza kale ndipo sikufunanso wina. Ndinapukuta, ndinabwezeretsa kachitsekerero, n'kukagona mtima uli m'malo.

M'mawa tinanyamuka pa msewu wa M1 kulowera chakumwera mpaka pa Masasa, pamene tinakhotera mu msewu wa Khwekhwerere wotsikira ku Golomoti. Amene anadutsapo akudziwa mmene msewuwu ulili. Tauni ya Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pamene pali nyanja zamchere, pamene nyanja ya Malawi siyifika ngakhale mamita 500, choncho munthu amatsika mamita oposa 1,000, ndipo gawo lalikulu la kutsikako lili m'makona okhotakhota a phiri limeneli. M'kona iliyonse kulemera kwa boti kumatsamira mbali imodzi, ndipo mabering'i ndi amene amasenza zonsezo. Titafika pa Golomoti ndinaima monga mwa chizolowezi changa kuti ndione zingwe zomangira boti, ndipo ndinagwira habu ya kumanja, imene inali yofunda chabe. Nditagwira ya kumanzere ndinachotsa dzanja msanga chifukwa inandiotcha. Ngolo yathu ilibe mabuleki, choncho sindikananamizira kuti kutenthako kwachokera ku mabuleki potsika phiri. Kunali kuchokera m'mabering'i momwemo.

Ndinaimbira foni alamu, ndipo mawu awo oyamba anali akuti, "Alamu, chonde musafulumire kulowetsa ngoloyo m'madzi ikadali yotentha chomwecho." Iwo anali kunena zoona. Habu yotentha ikamizidwa m'madzi ozizira, mpweya wa m'kati umafinyika mwadzidzidzi n'kukoka madzi kudzera pa silu, ndipo nchifukwa chake mabering'i a ngolo za maboti amawonongeka msanga kusiyana ndi a ngolo zina. Tinadikira pamthunzi mpaka chitsulo chitazizira, tinayenda pang'onopang'ono mtunda wotsalawo, tinatsitsa boti, ndipo ndinabwerera ku Dedza ndi ngolo yopanda katundu, ndikuimaima kuti ndigwire habuyo. Sindikulangiza wina kuti achite chimodzimodzi. Bering'i ikasweka pa Khwekhwerere tayala likhoza kuchoka, ndipo pamsewu umenewo malo opatukirapo ndi ochepa. Ndinafika bwino, koma kunali kuika pachiswe moyo wanga ndi wa anthu ena oyenda pamsewupo.

Tsiku lotsatira ndinatchinga tayala la kumanja ndi miyala kutsogolo ndi kumbuyo, ndinakweza mbali ya kumanzere ndi jeke, ndipo ndinaika chipika cholimba pansi pa felemu, chifukwa jeke yokha si yodalirika munthu akamagwira ntchito pafupi ndi tayala. Nditazungulitsa tayala linali kulira mokukuta, ndipo nditaligwira pamwamba ndi pansi n'kuligwedeza linali kusewera. Nditachotsa chivundikiro ndi nati n'kusolola habu, ndinapeza girisi amene sanalinso girisi. Anali wotumbuluka, wamadzimadzi ngati phala losapsa, ndipo chakumbuyo anali atasanduka wofiirira ndi dzimbiri. Bering'i ya m'kati inali ndi timaenje pa timagudumu take, ndipo malo ena chitsulo chinali chitasintha mtundu chifukwa cha kutentha. Habu imene ndinaiyesa yodzaza inali isanalandire girisi watsopano kwa nthawi yaitali. Nditayang'anitsitsa nipo ija ndinaona kuti kampira kake kanali katamatirira ndi dzimbiri, moti nditakabaya ndi singano sikanasunthe mpang'ono pomwe.

Apa ndinalakwitsa kachiwiri. M'malo mothira mafuta osungunula dzimbiri n'kudikira, ndinatenga pulayala n'kugwira mutu wa nipo uja, popeza ngodya zake zogwirapo sipanala zinali zitadyeka. Ndinapotoza kamodzi, kawiri, ndipo kachitatu mutu unatsalira m'pulayala, pamene thunthu lake linatsalira m'bowo la ekiselo. Nipo ili ndi bowo m'kati ndipo khosi lake ndi lopyapyala kwambiri, choncho siyipirira mphamvu imene bauti ingapirire. Ndinapita kumsika ndi kachidutswa kothyokako, ndinakaonetsa m'sitolo ina ya zitsulo za galimoto, ndipo anandipatsa manipo awiri ooneka ofanana ndi kanga. Wogulitsayo sanandinamize, chifukwa iye anangoona mutu, ndipo mitu ya manipo ambiri ndi yofanana kuti pampu imodzi izitha kuwagwira onse. Kusiyana kwawo kumakhala ku mazinga, ndipo mazinga a nipo yanga anali atatsalira m'ekiselo.

Ndinazindikira kuti ndikapitiriza ndekha ndiwononga ekiselo yonse, choncho ndinakatenga makaniko wina wachikulire wa m'dera lathu, amene anagwira ntchito zaka zambiri pa mathalakitala ndi malole. Atafika anagwada, anapukuta kumapeto kwa ekiselo ndi nsanza, n'kundifunsa kuti, "Achimwene, kodi mwatsimikiza kuti nipo imeneyi ndi yamazinga?"

Ndinayankha kuti, "Bambo, ine ndimayesa manipo onse ndi amazinga."

Iwo anandifotokozera kuti alipo ena amene samangidwa ayi, koma amakhomeredwa m'bowo losalala, ndipo thunthu lawo limakhala ndi timizere tokweza tomwe timaluma chitsulo. Nipo yotere mukhoza kuipotoza tsiku lonse osatuluka, chifukwa imafuna kugwiridwa zolimba n'kusololedwa, ndipo yatsopano imalowetsedwa poigogoda pang'onopang'ono ndi kachitsulo kabowo kovala pamutu pake, kuti hamala isaphwanye kampira. Anandiuza kuti ekiselo zina za ngolo zimabwera ndi manipo a mtundu umenewu, ndipo amene amayamba ntchito asanadziwe mtundu wa nipo yake amadzipangira mavuto. Njira yodziwira inali pafupi: nipo ya tayala la kumanja inali yabwinobwino. Anaitsuka ndi burashi ya waya, anathirapo mafuta osungunula dzimbiri, anathiranso ochuluka pa yothyoka ija, n'kunena kuti abweranso mawa. Ndinapempha kuti tingomalizitsa tsiku lomwelo, koma iwo anati, "Kuona maso a nkhono n'kudekha, achimwene. Mafutawa asiyeni agone."

M'mawa mwake nipo ya kumanja inamasuka mosavuta ndi sipanala ya ring'i, ndipo inali yamazinga. Kenaka anatembenukira ku yothyoka. Anatulutsa zotsalira za kasipuling'i ndi kawaya, n'kutenga kachitsulo kosongoka kamene amakaniko amakatcha easy-out, kokhala ndi mizere yozungulira chakumanzere, kotero kuti mukamakapotoza momasula kamalumirira m'kati mwa chothyokacho. Ubwino wa nipo ndi wakuti ili kale ndi bowo pakati, choncho sipanafunike kuboola. Anakagogoda pang'ono kuti kagwire, ndipo anapotoza ndi dzanja lopepuka kwambiri, akubweza pang'ono n'kupotozanso. Anandichenjeza kuti kachitsulo kameneka ndi kolimba koma sikachedwa kuthyoka, ndipo kakathyokera m'katimo dirilo wamba singathe kukaboola. Patapita mphindi zingapo ndinamva kaphokoso kakang'ono, ndipo thunthu lija linayamba kuzungulira mpaka linagwera m'dzanja lawo, mazinga a m'ekiselo ali osawonongeka.

Ndinatulutsa manipo anga atsopano aja ndili wokondwa, koma iwo anandigwira dzanja. Anatenga imodzi mwa yatsopanoyo ndi yakale ya kumanja, anagundanitsa mazinga ake mbali ndi mbali ngati mano a zipeso ziwiri, n'kuzikweza moyang'anitsa kudzuwa. Anati, "Tayang'anani apa." Mazinga awiri oyambirira anali atalowana bwino, koma kufika pa lachinayi ndi lachisanu nsonga zinali zitayamba kukwerana, ndipo kuwala kunali kudutsa pakati. Anatulutsa choyezera chotchedwa vernier, ndipo thunthu la yatsopano linali mamilimita pafupifupi 6, pamene la yakale linali lonenepa pang'ono, kupitirira 6 ndi kachigawo kochepa. Pomaliza anatenga timasamba tachitsulo toyezera mazinga, n'kuyesa kamodzikamodzi mpaka kamene kanakhala bwino pa nipo yakale, ndipo kanali kolembedwa 28.

Zimene ndinaphunzira pamenepo ndi zimene zandichititsa kulemba nkhaniyi. Manipo amene ndinagula anali a muyeso wa mamilimita wotchedwa M6x1, kutanthauza kuti thunthu lake ndi mamilimita 6 ndipo kuchokera pa zinga limodzi kufika pa linzake pali milimita imodzi. Ekiselo yathu imafuna nipo ya muyeso wa mainchi yotchedwa 1/4-28, imene thunthu lake ndi kota ya inchi, kapena kuti mamilimita 6.35, ndipo ili ndi mazinga 28 pa inchi imodzi, kutanthauza kuti zinga lililonse limatalikirana ndi linzake ndi mamilimita 0.9 ndi kachigawo kochepa. Kusiyana kumeneku maso sangakuone pa kauntala ya sitolo. Choopsa chake n'chakuti nipo ya M6 imalowa m'bowo la 1/4-28, poyamba mogwejemuka, kenaka imalimba, ndipo munthu amaganiza kuti yamangika. Akawonjezera sipanala amadya mazinga a m'ekiselo, ndipo tsiku lina popopa girisi nipoyo imangofwamphuka. Makaniko uja anandilola kuyesa ndi zala zokha, ndipo ndinamva ndekha kuti inali kugwedera isanakakamire.

Msampha womwewu ulinso pa manipo okulirapo. Pali M8x1 ndi M10x1 a mamilimita, palinso 1/8 BSP ya muyeso wa ku Britain yokhala ndi mazinga 28 pa inchi, ndi 1/8 NPT ya ku America yokhala ndi mazinga 27 pa inchi. M10x1, 1/8 BSP ndi 1/8 NPT onse ali pafupi ndi mamilimita 10 m'kunenepa kwawo, ndipo amasokoneza ngakhale anthu ozolowera. Kuno kwathu zitsulo zimachokera kosiyanasiyana, zina ku Japan, zina ku South Africa, zina ku Ulaya ndi ku America, choncho miyeso yonseyi imapezeka itasakanikirana m'chitini chimodzi. Sipanala imathandizako kupereka chithunzithunzi, popeza nipo ya M6 kawirikawiri imagwidwa ndi sipanala ya 7, ya M8 ndi 9, ya M10 ndi 11, pamene ya 1/4-28 imagwidwa ndi ya 5/16, imene ili pafupi kwambiri ndi 8. Koma chimenechi ndi chizindikiro chabe, si umboni. Chizindikiro china tinachipeza pa mabering'i, amene anali olembedwa L44649 ndi L68149. Manambala otere ndi a mabering'i a muyeso wa mainchi, kusiyana ndi monga 30205 kapena 30206 amene ndi a mamilimita, ndipo ekiselo yopangidwa m'mainchi kawirikawiri nipo yakenso imakhala ya mainchi. Dziwaninso kuti manipo ambiri thunthu lawo limachepa pang'ono chakunsonga kuti lizitseka bwino likamalowa, choncho poyeza muziyeza pafupi ndi pogwira sipanala. Amene akufuna kufufuza pa intaneti apeza zambiri akalemba mawu akuti grease nipple kapena Zerk fitting. Dzina lachiwirili ndi limene amagwiritsa ntchito ku America, ndipo linachokera kwa Oscar Zerk, amene analandira chiphaso cha umwini wa luso limeneli mu 1929.

Pa Dedza sindinaipeze nipo ya 1/4-28 tsiku limenelo, choncho ndinapita ku Lilongwe, ulendo wa makilomita opitirira pang'ono 80, nditakulunga nipo yakale ya kumanja m'kapepala, pamodzi ndi mabering'i akale ndi silu. Ndinayenda m'masitolo a zitsulo a ku Malangalanga, ndipo paliponse pamene ananditulutsira nipo ndinali kugundanitsa mazinga ake ndi a yanga n'kuyang'anitsa kowala, monga anandiphunzitsira. M'sitolo yachitatu mazinga analowana kuyambira loyamba mpaka lomaliza. Ndinagula zisanu ndi imodzi, zonse zowongoka. Alipo manipo opindika pa madigiri 45 ndi 90, amene amathandiza pa malo opanikizika pamene pampu singafike molunjika, koma kumapeto kwa ekiselo yowongoka ndiyo yoyenera, chifukwa pampu imalowera pa bowo la chivundikiro molunjika. Ndinagulanso mabering'i a matayala onse awiri pamodzi ndi makapu ake (mphete zachitsulo zimene timagudumu ta bering'i timayendamo), masilu awiri, ndi girisi wolembedwa kuti ndi wa zam'madzi, wa kulimba kwa NLGI 2. Girisi wa mitundu yosiyana sayenera kusakanizidwa mwachisawawa, chifukwa ena akakumana amasungunuka kapena kuuma, ndipo popeza sindinkadziwa amene mwini wakale ankagwiritsa ntchito, ndinasankha kutsuka zonse n'kuyambira pachiyambi.

Chimene ndikanachidumpha ndikanakhala ndekha ndi kanjira ka m'kati mwa ekiselo. Makaniko uja analowetsa kawaya kofewa m'bowomo, ndipo kanangoyenda pang'ono n'kuima. Girisi wakale anali atauma m'katimo ngati dothi la m'chilimwe. Tinathira palafini, tinatokosa, tinathiranso, mpaka kawaya kanayenda kanjira konse. Izi zikutanthauza kuti ndikanangomanga nipo yatsopano, ngakhale ya muyeso woyenera, girisi sakanafikabe ku mabering'i, ndipo ine ndikanaganizanso kuti habu yadzaza. Tsopano ndimadziwa kuti pampu ikakana pamakhala zifukwa zitatu zoyenera kuzifufuza: mwina kukamwa kwa pampuyo sikunagwire bwino kapena kunatha, mwina kampira kamatirira, kapena kanjira katsekeka. Pa ekiselo ya mtundu wathu palibe kukana chifukwa chodzaza, popeza girisi akadzaza amangotulukira kutsogolo.

Tisanamange nipo yatsopano tinaiyesa kaye ili m'manja. Tinabaya kampira kake ndi singano n'kuona kuti kakulowa ndi kubwerera, kenaka tinaiika pakamwa pa pampu n'kupopa kamodzi, ndipo girisi anatulukira kunsi kwake. Tinatsuka mazinga a m'ekiselo kuti pasatsale kachidutswa kalikonse ka chitsulo kapena dzimbiri, chifukwa chilichonse chotsalira mmenemo chimakathera m'mabering'i. Ndinalowetsa nipoyo ndi zala zokha, ndipo inayenda mosalala maulendo angapo isanayambe kulimba. Makaniko anati kumeneko ndiko kuyesa komaliza: nipo yoyenera imayamba ndi zala, ndipo imene ikufuna sipanala kuyambira pachiyambi ndi yolakwika kapena yalowa mopendekeka. Kenaka ndinatenga sipanala yaing'ono, ndikuigwira chapafupi ndi mutu wake kuti ndisakhale ndi mphamvu yambiri, n'kumanga mpaka inangokhazikika. Habu isanabwerere, tinapopa girisi ndipo tinamuona akutuluka pa kabowo ka kumbuyo kwa ekiselo, poyamba wakuda ndi zotsalira, kenaka woyera bwino. Sindinaiwale mmene ndinamvera mumtima poona girisi ameneyo akutuluka pamalo pamene sanafikepo mwina kwa chaka chathunthu.

Za kubwezeretsa habu sindichulukitsa, popeza amakaniko ambiri amazidziwa. Tinakhomerera makapu atsopano, chifukwa bering'i yatsopano siyiyenera kuyenda pa kapu yakale, tinapaka mabering'i girisi ndi manja mpaka analowa pakati pa timagudumu tonse, ndipo tinaika silu yatsopano. Nati tinaimanga tikuzungulitsa habu kuti mabering'i akhale m'malo, kenaka tinaimasula n'kuimanganso ndi zala zokha, chifukwa nati yothina kwambiri imatenthetsa mabering'i. Pa ekiselo yathu nati simangidwa ndi kapini kodutsa pakati, popeza pakatipo ndi pamene pali kanjira ka girisi, koma ndi washala yokhala ndi lilime lopindira pa natiyo.

Popopa komaliza tayala linali m'mwamba. Makaniko anali kulizungulitsa pang'onopang'ono, ine ndikupopa mosafulumira ndi pampu ya pamanja. Kuzungulitsako kumathandiza kuti girisi agawikane mofanana, ndipo kupopa modekha kumateteza silu ya kumbuyo, imene ikhoza kukankhidwa n'kuyamba kutaya girisi ngati munthu apopa mwamphamvu kapena agwiritsa ntchito pampu yoyendera mpweya. Tinapitiriza mpaka girisi watsopano anaonekera kuzungulira bering'i ya kunja, tinapukuta wotsalira, ndipo tinasuzumira kumbuyo kwa habu kuti tione ngati silu ili youma. Amene ngolo yawo ili ndi nipo pa chivundikiro chenichenicho, monga zivundikiro za Bearing Buddy, asatsatire njira imeneyi, chifukwa kapangidwe kake n'kosiyana. M'zivundikiro zimenezo muli kambale kokankhidwa ndi sipuling'i, ndipo mumangopopa mpaka kambaleko kayambe kusuntha, osapitirira.

Tayala la kumanja tinalitsegulanso ngakhale silinali kudandaula, ndipo tinapeza kuti madzi anali atayamba kulowa pang'ono. Tinasintha zonse chimodzimodzi, n'kuikanso nipo yatsopano. Ndinafunsa makaniko chimene tikanachita ngati mazinga a m'ekiselo akanawonongeka, ndipo anati nthawi zina amawakonza ndi chodulira mazinga cha muyeso womwewo, ndipo zikakanika amakulitsa bowo n'kudula mazinga a nipo yokulirapo. Anawonjezera kuti ntchito imeneyo ndi ya munthu wokhala ndi zida zake, chifukwa kumapeto kwa ekiselo kulinso mazinga a nati kunja kwake, ndipo chitsulo chotsala pakati si chochuluka. Ine sindinafike pamenepo, ndipo ndikuthokoza kuti dzanja langa linagwidwa nthawi yake.

Funso limene linatsala linali lakuti n'chifukwa chiyani nipo ya kumanzere inachita dzimbiri pamene ya kumanja inali yabwino. Yankho tinalipeza pobwezeretsa zivundikiro. Kachitsekerero ka labala ka kumanzere kanali ndi mng'alu m'mphepete, wosaoneka kakakhala pamalo pake, koma wotseguka mukakapinda ndi zala. Nthawi iliyonse imene ngolo inkalowa m'nyanja, madzi ankadutsa pamenepo n'kukhala m'chivundikiromo, atazinga nipo, ndipo ngoloyo inkaima miyezi yathunthu m'chinyezi cha kuno ku Dedza. Tizitsekerero ta labala timeneti tinandivuta kupeza kuposa manipo, moti pomaliza ndinagula zivundikiro zathunthu ziwiri zokhala ndi timalabala take, nditayeza kukamwa kwa habu kuti zikakhale zothina.

Mu Okutobala ndinatsikanso Khwekhwerere kukatenga boti kuti likagwire ntchito kwa masiku angapo cha ku Monkey Bay. Pa Golomoti ndinaima pamalo pomwe paja n'kugwira mahabu onse awiri, ndipo anali ofunda mofanana, moti dzanja linatha kukhalapo osaotchedwa ngakhale dzuwa linali loswa mtengo. Pa felemu ya ngolo, pafupi ndi ekiselo, ndinalemba ndi penti yoyera 1/4-28 pamodzi ndi manambala a mabering'i aja, kuti alamu akadzafuna kusintha ine kulibe asadzavutike monga ndinavutikira. Manipo anayi otsalawo ali m'kachitini m'bokosi la zida, pamodzi ndi sipanala ya 5/16 ndi singano yoyesera kampira. Titatulutsa ngolo m'madzi tsiku limenelo, alamu anakweza tayala ndi jeke, anachotsa kachitsekerero n'kukapinda ndi zala kuti aone ngati kali ndi mng'alu, kenaka anandipatsa pampu n'kunena kuti, "Popani alamu, ine ndizungulitsa."